Tonjiru: msuzi wa nkhumba ndi masamba wa ku Japan, wopsa m'mphindi 25

Ku Japan kukazizira, tonjiru sasowa pakhomo. Ndi msuzi wa miso (phala lamchere la soya wofufumitsidwa) wodzaza nyama ya nkhumba ndi ndiwo zamasamba, makamaka zija timadya mizu yake. Amauphikanso m'mapoto akuluakulu pa zikondwerero za panja, ngakhalenso pogawira chakudya anthu amene chivomezi chawasowetsa pokhala, chifukwa umakhutitsa koma suvuta kuphika. Ine ndimauphika ndikafuna chakudya chenicheni koma nthawi yandithera.

Ngati mukuphikira anthu anayi, pezani nyama ya nkhumba magalamu 200, ya pamimba yokhala ndi mafuta pang'ono. Ya mnofu wokhawokha imauma, ndipo msuzi wake umamveka madzimadzi. Pezaninso karoti mmodzi, mbatatesi ziwiri, anyezi mmodzi, chidutswa cha daikon cha magalamu 150, madzi mamililita 800, masupuni aakulu atatu kapena anayi a miso, ndi supuni imodzi ya mafuta a chitowe. Daikon ndi radishi woyera wamtali. Akasowa, tanipi amalowa m'malo bwinobwino. Eni ake amaikanso gobo, muzu wautali wa fungo la dothi, ndi konnyaku, chakudya chonga jele wolimba chopangidwa kuchokera ku muzu wa chomera china. Mukazipeza ikani, koma musalephere kuphika chifukwa cha izo.

Kufulumira konse kwa msuziwu kuli pa mpeni. Anthu ambiri amadula masamba m'mabulumwa, kenako n'kumadandaula kuti karoti sakupsa. Dulani karoti ndi daikon pawiri kapena panayi m'litali, kenako muzilenge mopyapyala, mamilimita atatu kapena anayi basi. Mbatatesi zikhale zokulirapo pang'ono kuti zisaphwanyikire mumsuzi. Nyama nayo ikhale yopyapyala kwambiri. Ikamaterera pansi pa mpeni, iikeni kaye mufiriza kwa mphindi 20. Ikalimba pang'ono imadulika mosavuta. Gobo amamusenga tizidutswa topyapyala n'kumuviika m'madzi kwa mphindi zochepa, pomwe konnyaku amamunyema ndi supuni, osati kumudula, kuti msuzi ulowerere, n'kumuwiritsa payekha mphindi ziwiri kuti fungo lichoke.

Tenthetsani mafuta a chitowe mupoto, muike nyama. Musaidikire mpaka ifiire, ingosintha mtundu n'kutulutsa mafuta ake, basi thirani anyezi ndi masamba ena onse. Takasani kwa mphindi zitatu kufikira chidutswa chilichonse chitanyezimira ndi mafuta. Apa ndi pamene tonjiru amasiyanirana ndi msuzi wa miso wa masiku onse, umene sakazinga kanthu. Musadumphe gawo limeneli.

Tsopano thirani madzi. Ophika a ku Japan amagwiritsa ntchito dashi, msuzi wochokera ku kombu, chomera cha m'nyanja, ndi katsuobushi, nsomba youmitsa yopalidwa mopyapyala. Ndi mu kombu momwemo m'mene Kikunae Ikeda, katswiri wa pa Tokyo Imperial University, anapeza glutamate mu 1908, chinthu chimene chimapatsa msuzi kukoma kokhalitsa pa lilime. Pofuna kufulumira, supuni yaing'ono imodzi ya dashi waufa, monga Hondashi, ikwanira. Kunena zoona, mu tonjiru mokha muno ndimaona kuti madzi wamba amathanso, poti nkhumba ndi anyezi zimakhala zagwira kale ntchito yaikulu.

Zikawira, pamwamba pamabwera thovu lotuwa. Liwengeni ndi supuni, koma musatengere limodzi mafuta onse, kukoma kuli momwemo. Chepetsani moto, sungunuliranimo theka la miso, vundikirani, zipse kwa mphindi 10 kapena 12. Theka loyambali ndi loti mchere ulowe mu mbatatesi ndi daikon. Lasani mbatatesi ndi foloko. Ikalowa mosavuta, zimitsani moto.

Theka lotsalalo ndi la fungo, ndipo ndi limene lifunika kusamala. Miso amapangidwa kuchokera ku soya wofufumitsidwa ndi koji (mtundu wa chuku chodyedwa) ndi mchere kwa miyezi, nthawi zina zaka, ndipo fungo lake limathawa akabwata. Tungani msuzi pang'ono m'chipande, sungunuliranimo miso mpaka mibulu ithe, ndiye mubwezere mupoto. Lawani musanathire yense, popeza miso amasiyana mchere. Woyera wa ku Kyoto ndi wotsekemera, wofiira ndi wamchere kwambiri, ndipo Hatcho miso wa ku Okazaki ndi wakuda, wamphamvu moti kwa ine amaphimba kukoma kwa masamba. Wosakaniza, amene pa paketi amalemba kuti awase, ndiye sakhumudwitsa. Mchere wina musaonjezere.

Pakulani wotentha, muwaze anyezi wamasamba wodula bwino pamwamba. Okonda kuwawa amathira shichimi togarashi, ufa wa tsabola wosakaniza zinthu zisanu ndi ziwiri, kapena jinja wopala pang'ono. Ku Japan amadyera mpunga woyera, nthawi zina popanda ndiwo ina yaikulu.

Wotsala sungani mufiriji, umakoma koposa mawa lake masamba atamwa msuzi. Poutenthetsanso, moto ukhale wochepa ndipo muuphule usanabwate. Mufiriza musauike ngati muli mbatatesi kapena konnyaku, chifukwa mbatatesi zimanyenyeka ndipo konnyaku amalimba ngati mphira.