Kadambo ka m'thanki: musalole dothi likhale m'madzi

Anzanga amene mukuweta tiachule, tinkhanu kapena tinsomba mu thanki yagalasi ija ya mbali ina mtunda mbali ina madzi, ena amaitchula paludarium, dzina lochokera ku chi Latin palus kutanthauza dambo, ndiloleni ndikukumbutseni pomwe ambiri amagwera. Vuto silikhala nyama ayi, limakhala pamalire pomwe dothi lakumana ndi madzi.

Dothi likamakhala lonyikika m'madzi tsiku ndi tsiku mpweya sulowa, limayamba kuwola mkati, nde tsiku lina mudzangovundukula chivundikiro nkumva fungo ngati dzira lovunda, mizu ya zomera yoderapo yofewa ngati phala. Pomanga, pansi penipeni yalani miyala kapena timipira tadongo lowotcha, pamwamba pake kaneti ka mabowo ang'onoang'ono, kenako dothi. Madzi azithera m'miyalamo, asafike pa neti. Ine ndimati mulembe kamzere pagalasi ndi cholembera cha maka kuti aliyense wothira madzi adziwe polekezera.

Ndiye kumbukirani kuti chilichonse cha kumtunda chimathera m'madzi, ndowe, zakudya zotsala, masamba ogwa, zonse zimatsetserekera komweko, pomwe madziwo ndi ochepa nkale kuyerekeza ndi thanki ya nsomba wamba, amaipa msangamsanga. Zinyalalazi zimatulutsa amoniya yemwe ndi poizoni. Mabakiteriya abwino okhala mu fyuluta (chosefera madzi) ndi m'miyala amamusandutsa nayitiraiti kenako nayitireti amene sawopsa kwambiri, koma kuti mabakiteriyawa achuluke pamatenga masabata 4 mpaka 6, nde musathamangire kuikamo nyama tsiku lomwe mwamanga, lekani pampu izingoyenda kaye.

Sabata iliyonse chotsani pafupifupi kota ya madzi nkuthira ena. Kungowonjezera pomwe aphwa sikusintha madzi ayi, amene auluka ndi madzi okha, zoipazo zatsala momwemo. Madzi apampopi ali ndi kloriini, kuwagoneka mu ndowa usiku ndi usana kumathandiza koma ngati a kampani ya madzi amathiramo kloramini, mankhwala ena ophera tizilombo m'madzi, ameneyo sachoka choncho, pamafunika mankhwala ake ochotsera. Siponji ya mu fyuluta muziifinya m'madzi omwe mwachotsa muthankimo, mukaitsuka pampopi mukhoza kupha mabakiteriya abwino a m'siponjimo.

Achule amamwa madzi ndi khungu, kotero sopo, mafuta odzola m'manja, ngakhale mankhwala opopera udzudzu m'chipindamo zimawalowa mosavuta. Sambani ndi madzi okha musanapise dzanja. Komanso ikani kanthambi kapena mwala wotsetsereka pogwira potuluka, chule akatopa pagalasi loterera amamira ndithu, anthu amadabwa koma zimachitika.

Za kusakaniza mitundu ine sindivomereza kwenikweni. Achule a mimba yofiira aja, Bombina orientalis, amatulutsa poizoni pakhungu ndipo amakonda kozizirirapo, madigiri 18 mpaka 24, pomwe tinkhanu ta Geosesarma timafuna kotentherapo, cha m'ma 24 mpaka 28, komanso mtunda waukulu kuposa madzi. Sankhani mtundu umodzi mumangire iwowo.

Thanki isakhale pawindo pomenya dzuwa, galasi limatentha msanga ndipo ndere imadzadza. Getsi la maola 8 kapena 10 patsiku likwanira. Chivundikiro chikhale chothina poti nkhanu ndi akatswiri pothawa, zimakwera ngakhale pa waya wa pampu, koma mbali ina chikhale cha neti kuti mpweya uziyenda. Mukaona galasi lili thukuta tsiku lonse osauma komanso nkhungu yoyera pamitengo, mpweya wachepa, onjezerani potulukira ndipo muchepetse kuwaza madzi kwa masiku angapo.