Kuphatikiza Agile ndi Waterfall pa ntchito yaikulu ya mapulogalamu

Ngati mukupanga pulogalamu yaikulu ya pakompyuta, monga yowerengera malipiro a antchito kapena yosunga mbiri ya odwala, musaumirire njira imodzi yoyendetsera ntchitoyo. Zinthu zovuta kusintha pambuyo pake zikonzeni mwa Waterfall (njira yokonzeratu zonse n'kumatsata ndondomekoyo gawo ndi gawo) ntchito isanayambe: kapangidwe ka database (nkhokwe yosungiramo data), chitetezo cha data, mmene pulogalamuyo idzalumikizirane ndi makina ena, bajeti ndi tsiku lomaliza. Zonsezi zilembedwe, mwini ntchito asayine.

Zotsalazo, makamaka zimene ogwiritsa ntchito amaona pa sikirini, zipangeni mwa Scrum, imodzi mwa njira za Agile zopanga ntchito pang'onopang'ono n'kumasintha pofunika kusintha, m'ma sprint (zigawo za ntchito) a milungu iwiri. Gulu lizikumana mphindi 15 zokha tsiku lililonse, ndipo sprint ikatha muzionetsa chinthu chogwira ntchito, osati lipoti.

Ambiri amapunthwa polumikizira njira ziwirizi. Mabwana amafuna madeti osasuntha pomwe gulu likusintha backlog (mndandanda wa ntchito zoti zichitike) sabata ndi sabata, kenako kulozana zala kumayamba. Choncho pakatha ma sprint atatu kapena anayi, khalani pansi muyerekeze zomwe zatha ndi ndondomeko yoyamba ija. Kusintha kokhudza database, ndalama kapena deti kuzidutsa kwa munthu mmodzi wovomereza, ndipo kuzilembedwa. Koma za mtundu wa batani kapena mawu a pa fomu, product owner (amene amasankha zoti gulu lipange) azigamula yekha, musamuyitanitsire msonkhano.

Kuyesa musakusiyire kumapeto. Lumikizani zidutswa zonse ndi kuziyesa pamodzi mu sprint iliyonse, chifukwa cholakwika cha pa API (polumikizirana mapulogalamu) chikapezeka mwezi wa 8 wa ntchitoyo, magulu onse amene anamanga pamwamba pake amabwerera m'mbuyo kukagumula.