Poyambira kupanga gitala yamagetsi kunyumba

Achimwene, mwafunsa poyambira kupanga gitala yamagetsi m'kashedi kanu kuno ku Mangochi. Pezani kaye thabwa la mbawa louma bwino, chifukwa laliwisi lidzapindika ndi kutentha kwa kunyanjaku.

Pagona nkhani ndi pakhosi pa gitala. Kuchokera pa nut (kachidutswa kokhalira mawaya oimbira kumutu kwa khosi) kufika pa bridge (pokhalira mawayawo pathupi la gitala) pakhale mamilimita 648, ngati pa magitala ambiri a kampani ya Fender. Gawani 648 ndi 17.817, mupeza pokhala fret (kachitsulo kopingasa pakhosi) yoyamba, pafupifupi mamilimita 36.4 kuchokera pa nut. Chotsani 36.4 pa 648, zotsalazo mugawenso chimodzimodzi kuti mupeze mtunda wochokera pa fret imeneyo kufika pa yotsatira, mpaka mutamaliza. Fret ya 12 igwere pa mamilimita 324 kuchokera pa nut. Ikaphonya, yezaninso musanacheke. Truss rod (chitsulo cholimbitsa khosi) ilowe musanamate fingerboard (thabwa lokhala ma fret).

Kenako semani thupi, gobani malo a mapickup (tizipangizo totola kulira kwa mawaya oimbira), kwechani ndi sandipepala, pakani vanishi. Polumikiza mawaya amagetsi, wa ground (woletsa phokoso lamagetsi) ufike pa bridge, apo ayi gitala izingong'ung'uza mu amplifaya.