Momwe mungamwere mankhwala a BP osalekeza panjira

Kuyamba mankhwala a BP sikuvuta, nkhani imakhala pa kupitiriza chaka chikatha. Lipoti la 2003 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linati pa matenda okhalitsa ngati awa, ngakhale m'mayiko olemera, ndi theka lokha la odwala lomwe limamwa mankhwala monga anauzidwira. Ine ndinali m'theka linalo, nde ndikuuzani zomwe ndimachita pano.

Poyamba sankhani nthawi imodzi, muimangirire ku chinthu chomwe simuiwala. Anga amakhala pambali pa mswachi. Ngati munapatsidwa hydrochlorothiazide imwani m'mawa chifukwa amakodzetsa, mukamwa madzulo usiku wonse muthera kuchimbudzi. Alamu ya pafoni imathandiza masiku oyamba, kenako chala chimazolowera kungoizimitsa.

Tsopano apa nde pomwe ndinagwa. Nditamwa amlodipine wa 5mg kwa miyezi ingapo anandiyeza BP nkupeza 128/80, ine mumtima basi ndachira, komanso akakolo ankatupa madzulo mpaka nsapato kumathina, nde ndinangosiya mwakachetechete osauza munthu. Sabata yoyamba phee, yachiwiri phee, mutu osapweteka, ndipo chimapusitsa ndi chimenechi, BP imakwera iwe ukudzimva bwinobwino uku ikudya impso ndi mitsempha ya mu ubongo. Nditapita kuchipatala ndi vuto lina makina anaonetsa 170/105. Anesi anayeza kawiri, kenako anandiyang'ana nkufunsa, "Bambo, mankhwala aja mukumwa?" Manyazi ake! Nambala yabwino ija inali ya mapiritsi, sikuti matenda anatha. Ndipo kutupa akakolo ndi khalidwe lodziwika la amlodipine, ndikanangonena akanaona zosintha. Chimodzimodzi enalapril, ena amawapatsa kachifuwa kouma kosatha, kakakuvutani kaneneni kwa adokotala, osangotaya paketi. Atenolol nde musayerekeze kumusiya mwadzidzidzi, mtima umatha kuyamba kugunda mothamanga.

Chotsatira, musadikire piritsi lomaliza. Akatsala a sabata imodzi pitani mukatenge ena, ndipo ngati mumachita kugula pewani aja ogulitsa mapiritsi ongowerengera m'kapepala, opanda dzina opanda tsiku lothera mphamvu, kutchipa kwake simudziwa mukumeza chani. Aja a pa Facebook oti botolo limodzi lichotsa BP mpaka kalekale, asiyeni ndi mabotolo awo.

Mukaiwala, imwani pomwe mwakumbukira, koma ngati nthawi ya piritsi lina yayandikira ingodumphani, osamwa awiri. Mankhwala ochepetsa ululu a ibuprofen ndi diclofenac amakweza BP, funsani kaye musanamwe. Poyeza khalani pansi mphindi 5 kaye, manambala muzilemba m'kabuku, akamakhala pamwamba pa 140/90 pitani nako kuchipatala.