Kusamala mawaya owongola mano uli pasukulu ku Dedza

Wachinyamata wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amene waikidwa mawaya owongola mano ayenera kudziwa kuti mano amasuntha pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri mawayawa amakhala m'kamwa kwa chaka chimodzi ndi theka mpaka zaka zitatu. Masiku atatu kapena asanu oyambirira ndiwo amawawa kwambiri, ndipo ululuwo umabwereranso nthawi iliyonse dokotala akamangitsa waya. Pamasiku amenewa idyani phala, nsima yofewa ndi mazira, nthochi, mapeyala kapena mbatatesi yophika, imene kwathu kuno sisowa. Ululu ukakula, Panado amathandiza mukamwa monga mwa malangizo a dokotala. Madzi ozizira a m'mawa wa Juni ndi Julayi amalasa mano amene ayamba kusuntha, choncho tsukani m'kamwa ndi madzi ofunda.

Chovuta chenicheni, makamaka kwa ophunzira ogonera pasukulu, si nsima ndi nyemba za tsiku ndi tsiku ayi, koma kamba wochokera kunyumba. Chimanga chokazinga, mtedza wokazinga ndi nzimbe zimamatula tizitsulo tomatidwa pamano, pomwe chingamu ndi maswiti omata zimakanirira pawaya n'kuyambitsa kuwola. Nzimbe ndiyo imagwetsa ambiri, chifukwa munthu amaisenda ndi mano akutsogolo, pamene tizitsulo timamatuka msanga. Chimanga chowotcha chikonoleni kaye ndi zala, ndipo mapichesi, mango kapena karoti wogula pa Lizulu muzimudula tizidutswa ndi mpeni n'kutafunira mano am'mbali.

Tsukani mano mukangotha kudya ndiponso musanagone, kwa mphindi zosachepera 2, ndi mswachi wofewa komanso mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Pendeketsani mswachi kuti ufike pamwamba ndi pansi pa kachitsulo kalikonse, chifukwa zakudya zikamatsalira pamenepo, tsiku lochotsa mawaya mudzapeza mano owongoka koma amawanga oyera amene safufutika msanga. Kachitsulo kakamakanda tsaya, umitsani malowo n'kumatapo phula lomwe dokotala amapereka, ndipo zilonda za m'kamwa muzichukucha ndi madzi ofunda kapu imodzi osungunuliramo theka la sipuni yaying'ono ya mchere. Waya akatuluka n'kumabaya, mukankhireni pambali ndi chofufutira cha pensulo, koma musayese kumuzula ndi pulayala. Osewera mpira wamiyendo kapena wamanja afunse za chotetezera mano, poti chigongono chimodzi chikhoza kung'amba mlomo pachitsulo.

Za anzanu oseka sindichulukitsa mawu, chifukwa amatopa okha pakangopita milungu yochepa. Chimene chimakopa maso awo kwambiri ndi masamba a mpiru okanirira pawaya, choncho kagalasi kakang'ono kasachoke m'thumba.

Madokotala oika mawayawa amapezeka makamaka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo amafuna kukuonani pakatha milungu 4 mpaka 8. Kuchokera pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 80 pa msewu wa M1, choncho makolo akonzeretu ndalama ya minibasi ndipo inu mupemphe chilolezo kwa aphunzitsi aakulu nthawi ikadalipo, makamaka mayeso a JCE kapena MSCE akayandikira. Ulendo uliwonse umene mwaphonya umawonjezera nthawi yokhala ndi mawaya. Akadzachotsedwa mudzapatsidwa chogwirizira mano chovala makamaka usiku, ndipo mukachinyalanyaza mano amayamba kubwerera pamene anali.