Mmene mungachotsere mwana pamasewera popanda kulira ndi kukalipa

Makolo anzanga a kuno ku Salima, makamaka inu amene mumatsikira kunyanja ku Senga Bay madzulo kukachapa kapena kukagula usipa muli ndi ana aang'ono, ndikufuna kukugawirani njira imene yandichepetsera mavuto kwambiri. Nthawi yobwerera kunyumba ikamayandikira, musamudzidzimutse mwana pomukoka dzanja ali mkati mosewera pamchenga. Mufikeni pafupi, munjute kuti muyang'anane naye maso, ndipo mumuuze chinthu chooneka chimene chikhale chizindikiro chonyamukira, monga kunena kuti, "Bwato lija likangofika kumtunda, tinyamuka."

Mwana wa zaka 3 kapena 4 sadziwa kutalika kwa mphindi 5, koma bwato amaliona ndi maso ake, motero amayamba kukonzeka mumtima mwake nthawi isanakwane. Bwatolo likafika, nyamukanidi ngakhale atadandaula, chifukwa mukasintha mawu anu kamodzi kokha sadzakhulupiriranso chizindikirocho. Ine ndimamupatsanso kantchito, monga kunyamula sopo kapena kabeseni, kuti aone kuti ulendowo ndi wakenso. Kunyumba ndimagwiritsa ntchito mphika wa nsima: ndikayamba kuomola, masewera atha, akasambe m'manja.