Momwe mungasinthire nokha sensa ya air flow pa galimoto yanu

Galimoto ikayamba kumwa mafuta ngati thanki yabooka, ikamanjenjemera mukaima pa maloboti, kapena ikamadodoma mukaponda mafuta pamtunda, amakaniko ambiri amathamangira kunena kuti air flow yafa. Nthawi zina amanena zoona. Kachipangizoka kamagwidwa ndi timasikuluwu tiwiri ndi pulagi imodzi basi, moti aliyense wodziwa kugwira sikuludiraiva angakasinthe pakhomo mphindi 20 zisanakwane. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu ambiri amataya ndalama kugula katsopano pomwe kakaleko kanangoda, ndipo ena amagula kosagwirizana ndi injini yawo.

Dzina lake lonse ndi mass air flow sensor, mwachidule MAF. Kamakhala pakati pa bokosi la air cleaner, momwe mumakhala fyuluta yosefa mpweya, ndi paipi yaikulu yakuda yopita ku injini. Mkati mwake muli kawaya kopyapyala ngati tsitsi kamene kamatenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndiye kompyuta ya galimoto imaona magetsi amene akufunika kuti kawayako kakhalebe kotentha, n'kudziwira pomwepo kuti mpweya walowa wochuluka bwanji. Injini ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Kawayako kakakutidwa ndi fumbi kamayamba kunamiza kompyuta, mafuta n'kumalowa osayenera.

Choyamba, onani ngati galimoto yanu ili nako. Injini ya 1NZ-FE, yomwe ili m'ma Sienta, Probox, Ractis ndi Fielder ambiri ochokera ku Japan, ili nako ka kampani ya Denso, ndipo pulagi yake ili ndi mawaya asanu chifukwa muli kale ndi sensa yoyeza kutentha kwa mpweya. Nissan Tiida ndi Note za injini ya HR15DE nazonso zili nako. Koma injini zina zazing'ono, monga 1KR-FE ya m'ma Passo, zimagwiritsa ntchito sensa ina yotchedwa MAP yomwe imakhala pa manifodi, mapaipi amene amagawira mpweya m'injini. Mukatsegula boneti n'kupeza kuti palibe pulagi iliyonse pakati pa air cleaner ndi injini, musavutike kufunafuna.

Chachiwiri, tsimikizani kuti vuto lilidi pamenepo. Nyali ya check engine ikayaka, galimoto iikidwe pa makina owerenga kompyuta yake, amene amaonetsa vuto ngati nambala. Soketi yake ya mabowo 16 imakhala pansi pa chiwongolero. Nambala za P0100 mpaka P0104 zimaloza ku air flow kapena mawaya ake, pomwe P0171 imangonena kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya, zomwe zingachitikenso pampu ya mafuta ikafooka kapena paipi ikang'ambika. Timakina totchipa tolumikiza ku foni timathandiza, ngakhale magalimoto ena akale a ku Japan amakana kulankhula nato. Ngati makinawo akuonetsa mpweya wolowa, injini ya malita 1.5 yotentha bwino, ili pa idling, kutanthauza kuti ikulira yokha osaponda mafuta, imasonyeza pafupifupi magalamu awiri pa sekondi, ndipo nambalayo iyenera kukwera bwinobwino mukamaponda mafuta.

Musanagule chilichonse, gwirani paipi yakuda ija ndi manja, muipinde pang'ono m'makwinya mwake. Mng'alu umabisala pansi, kumene diso silifika. Mpweya wolowera pamng'alu sudutsa pa sensa, choncho kompyuta siudziwa, ndipo galimoto imachita ndendende ngati air flow yafa. Tsegulaninso bokosi muone fyuluta.

Sienta yathu inayamba kuzima pa maloboti mwezi wa October, titachokera ku maliro kumudzi pa msewu wafumbi. Nditatsegula bokosi ndinapeza kuti amene anaikamo fyuluta anapinda labala ya m'mphepete, ndipo fumbi lofiira linali litajambula mzere kumbali yoyenera kukhala yoyera. Nditachotsa sensa n'kuunika ndi tochi, kawaya kaja kanali katanenepa ndi dothi, pambali pake pali kaphiko ka kachilombo. Sindinagule china. Ndinangotsuka, n'kuika fyuluta yatsopano, galimoto n'kukhala bwino.

Kutsukako kuli ndi malamulo ake. Gwiritsani ntchito sipuleyi yolembedwa kuti MAF cleaner, kapena ikasowa, yotsukira zamagetsi yosasiya mafuta. Petulo, palafini, WD-40 ndi yotsukira kabuleta ayi, chifukwa zina zimasiya mafuta pa kawaya ndipo zina zimadya pulasitiki. Musakhudze kawayako ndi chala, thonje kapena kamtengo, ndiponso musakauzire ndi kompuresa. Poperani kangapo muli chapatali pang'ono, kenako kasiyeni pamthunzi kwa mphindi 15 kaume kokha. Vuto likabwerera mutatsuka, paipi ili bwino ndipo mawaya sanadyedwe ndi makoswe, apo ndiye mukagule.

Pogula, musangonena dzina la galimoto. Pamwamba pa sensa pamalembedwa nambala, ya Toyota imayamba ndi 22204. Ijambuleni pa foni, kapena nyamulani sensayo mupite nayo ku shopu. Ziwiri zikhoza kufanana maonekedwe, kulowa bwinobwino pabowo, koma n'kumawerenga mpweya mosiyana. Ine ndimakonda yakale yeniyeni yochotsedwa pa galimoto ina kusiyana ndi yatsopano yotchipa yopanda dzina, chifukwa zachinyengo zimasokoneza idling kuyambira tsiku loyamba. Mukamagula ya kaunjika, gwirizanani ndi wogulitsa kuti mubweza ikakana.

Tsopano ntchito yeniyeni. Imikani galimoto pamalo osauluka fumbi, zimitsani injini, chotsani kiyi ndipo dikirani izizire. Mabuku ambiri amati muchotse waya wa negativu pa batire ndi sipanala ya 10, ndipo ndi njira yabwino. Koma apa chenjerani. Mawailesi ambiri a magalimoto ochokera ku Japan amafuna kadi kapena disiki ya mapu kuti ayakenso batire ikachotsedwa, ndipo magalimoto ambiri amafika kadiyo mulibe. Ngati yanu ili choncho, siyani batire, ingoonetsetsani kuti kiyi ali m'thumba mwanu nthawi yonse imene pulagi ili yozula.

Dinikizani kaloko ka pulagi ndi chala chachikulu, mukoke pulagiyo osati mawaya. Pulasitiki imene yakhala pamoto wa injini zaka zambiri imauma n'kumathyoka msanga, choncho ikakana, ikankhireni kaye mkati pang'ono, mudinikizenso, kenako mukoke. Masulani timasikuluwu tiwiri tija. Pa Toyota ndi ta mtanda, ndipo mitu yake imadyeka msanga ngati sikuludiraiva ndi yaing'ono, ndiye ikanikizeni mwamphamvu musanapotoze. Magalimoto ena a ku Ulaya ali ndi ta nyenyezi ta Torx. Tiikeni m'kapu, chifukwa kakagwera pansi pa injini mutaya ola lathunthu.

Zulani sensa molunjika, mukuigwedeza pang'onopang'ono. Ili ndi kalabala kozungulira kotsekera mpweya. Onani kuti sikanatsalire m'bowo. Ikani yakale ndi yatsopano pamodzi muyerekeze nambala, kutalika ndi mano a pulagi. Pukutani pakamwa pa bowo ndi kansalu koyera, fumbi lisagwere mkati. Lowetsani yatsopano momwe inakhalira inzake, ifike pansi yokha musanamange. Ngati yanu ndi ya mtundu wobwera ndi paipi yake, pamakhala muvi, ndipo muviwo uloze ku injini. Mangani mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, ndipo musalimbitse kwambiri poti mukumanga m'pulasitiki. Bwezerani pulagi mpaka mumve kuti thapu, kenako batire ngati munaichotsa.

Lizani injini osaponda mafuta, AC ndi nyali zili zozimitsa, muisiye kwa mphindi khumi. Poyamba ikhoza kukwera n'kutsika, chifukwa kompyuta inazolowera mabodza a sensa yakale ndipo ikuphunzira mwatsopano. Ma Nissan ena amafuna kuti idling ikonzedwenso pa makina ngati ikhalabe yokwera. Fufutani nambala zakale pa makina, muyende makilomita 15 kapena 20, m'tauni ndi pa msewu waukulu womwe. Ngati munachotsa batire ndipo galasi la dalaivala lasiya kukwera lokha, litsekeni mpaka kumapeto, mugwirebe batani m'mwamba kwa masekondi angapo.

Nyali ikayakanso ndi P0171, bwererani ku paipi ija ndi timapaipi ting'onoting'ono ta pa manifodi, kenako muyezetse mphamvu ya pampu ya mafuta. Ndipo nthawi iliyonse mukamatseka bokosi la air cleaner, yendetsani chala m'mphepete monse mumve ngati labala ya fyuluta yakhala pamalo pake musanamange timaloko.